Mlesi wa ku Custer County

Pali chithunzi china chojambulidwa mu 1886 ku Nebraska, m'dziko la America, chimene munthu akachiona koyamba amayamba waseka. Banja la a Sylvester Rawding lili panja pa nyumba yawo. Atulutsa tebulo, ayalapo nsalu, aikapo mavwende ocheka pakati kuti aliyense aone kuti chaka chimenecho munda sunawanamize. Cha kumbali kwaima nyulu ziwiri zokoka ngolo, ndipo pamwamba pa nyumba paima ng'ombe, ili phee, ngati ndi pake. Kunena zoona ng'ombeyo sili padenga. Nyumbayo anaikumba m'mbali mwa chitunda, ndiye ng'ombe yaima pachitundapo, koma maso amakana kumva zimenezo. Kuseka kukatha m'pamene umayamba kuona nyumba yeniyeniyo, kuti ndi yadothi kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndi kuti anthu akuyang'ana kamera ndi nkhope zolimba awa anatha zaka akugona m'menemo.

Anajambula chithunzicho ndi Solomon Devore Butcher, munthu amene anamwalira mu 1927 akudziona ngati wolephera. Ndipo tikatenga muyeso umene anansi ake ankayesera munthu, sankalakwitsa. Munda unamukanika, sukulu ya udokotala anaisiyira panjira, malonda alionse amene anawagwira anamuthera m'manja. Komabe lero aliyense wofuna kudziwa mmene alimi oyamba achizungu ankakhalira m'zidikha za pakati pa America amathera pa zithunzi zake. Mabuku a sukulu a kumeneko akafika pa nyengo imeneyo, chithunzi chimene amaikapo kawirikawiri chimakhala cha mlesi ameneyu.

Butcher anabadwa mu 1856 ku Burton, m'dera limene pano lili mu West Virginia, ndipo anakulira ku Illinois kumene bambo ake, a Thomas, ankapopera madzi sitima za pamtunda. Ali mnyamata anaphunzirako kujambula kwa mmisiri wina wa zithunzi zapachitsulo, kenaka anakhala woyendayenda ndi malonda a kampani ina ya ku Ohio. Mu 1880 bambo ake ataganiza zopita kumadzulo kukatenga malo, iye anasiya ntchito n'kukwera nawo ngolo. Anayenda masabata asanu ndi awiri kuti akafike ku Custer County, pafupi ndi mtsinje wa Middle Loup.

Chimene chinkakokera anthu kumeneko ndi lamulo la mu 1862 lotchedwa Homestead Act. Boma linkapereka maekala 160 kwa munthu aliyense wa zaka 21 kapena mutu wa banja, bola amangepo nyumba, alime, ndi kukhalapo zaka zisanu. Papepala zinkamveka zophweka. Vuto linali lakuti dziko lake linalibe mitengo. Munthu ankatha kuyang'ana mbali zonse osaona mtengo woti n'kudula nsanamira kapena phaso, miyala kulibe, ndalama zogulira matabwa obwera pa sitima palibe. Chimene chinalipo chochuluka ndi udzu, udzu wa mizu yolukanalukana kwa zaka zosawerengeka. Ndiye ankamanga ng'ombe kapena akavalo pa pulawo yopangidwira ntchito imeneyo, n'kusenda nthaka yapamwamba m'mizere italiitali, n'kumaidula ndi fosholo m'zidutswa zolemera. Zidutswazo ankazisanja ngati njerwa, udzu ukuloza pansi, mpaka khoma kukhuthala mafiti awiri kapena atatu. Denga nalonso ankalifolera ndi dothi lomwelo pamwamba pa timitengo totola m'mbali mwa mitsinje. Nyumba yotere inkafunda m'nyengo ya chisanu, inkazizira bwino m'nyengo yotentha, ndipo moto wolusa wa m'tchire sunkaiopsa. Koma mvula ikagwa kunja tsiku limodzi, m'nyumba inkapitiriza kudontha kunja kutacha kale. Mbewa, utitiri ndi njoka zinkakhala m'makoma momwemo, ndipo azimayi ankapachika nsalu kudenga kuti dothi lisagwere m'mbale.

Butcher anatenga malo ake, abale ake anamuthandiza kukumba kanyumba, ndipo patangotha masabata awiri anabweza malowo kuboma. Khasu silinali lake. Anapita ku Minneapolis kukaphunzira udokotala, kumene sanatengeko digiri koma anatengako mkazi, namwino wamasiye dzina lake Lillie, amene anakwatirana naye mu 1882. Chaka chomwecho anabwerera naye ku Nebraska. Anaphunzitsako sukulu, n'kusunga tindalama, n'kukongola zina, mpaka anagula kamera ndi kumanga kanyumba kojambuliramo, kamenenso banja linkagonamo. Nsalu yoika kumbuyo kwa wojambulidwa inali chinsalu chakale chofundira ngolo. Anatsegulanso positi ofesi n'kuitcha Jefferson, dzina lachiwiri la bambo ake, ndipo m'miyezi itatu yoyamba inamubweretsera masenti 68. Mu 1884 anasamukira m'katauni katsopano ka Walworth poyembekeza kuti kakula, koma katauniko kanafa kasanakwawe n'komwe.

Ganizo limene linamupulumutsa kwa ife, ngakhale silinamupulumutse kwa angongole ake, linamufikira mu 1886. Anati alemba mbiri ya Custer County yonse, ndi zithunzi, banja ndi banja, munda ndi munda. Iye mwini analemba kuti ganizoli linamusowetsa tulo kwa sabata yathunthu. Sitiyenera kumukweza kuposa mmene analili: mwa zina, ankaona kuti wapeza njira yolemerera popanda kugwira pulawo. Bambo ake, amene anali ataona kale maganizo ambiri a mwana wawo akufota, anafuna kuona kaye ngati pali anthu ofuna zimenezi. Alimi 75 atalembetsa, ngolo ndi akavalo zinapezeka, ndipo mu Juni chaka chomwecho Butcher anayamba kuzungulira.

Ntchito yake inali yolemera m'lingaliro lenileni la mawuwa. Filimu yokulunga ija inali isanafale. Chithunzi chilichonse chinkajambulidwa pa galasi lalikulu pafupifupi mainchesi sikisi ndi theka m'lifupi ndi eyiti ndi theka m'litali, ndipo magalasiwo, mankhwala otsukira ndi kamera yamiyendo itatu zonse zinkayenda m'ngolo, m'njira zokumbika, pakati pa makomo otalikirana mitunda. Ndalama m'dera limenelo zinali zosowa, choncho nthawi zambiri malipiro ake ankakhala chakudya, malo ogona ndi msipu wa akavalo. Pofika 1892 anali atajambula zithunzi zoposa 1,500.

Chimene chimandigwira mtima m'zithunzi zimenezi ndi pamene ankaimika kamera. Wojambula wa m'tauni ankaika munthu pampando, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa maluwa, kuti pasaoneke chilichonse cha kwawo kwa munthuyo. Butcher ankabwerera m'mbuyo kutali, nthawi zina kukwera pachitunda, mpaka nyumba, khola, chitsime, ziweto ndi thambo lopanda kanthu zonse zilowe. Anthu amaoneka ang'onoang'ono pakati pa zinthu zawo. Ndipo eni ake, podziwa kuti chithunzichi chipita kwa abale amene anatsala kum'mawa kapena kutsidya la nyanja, ankatulutsa panja chilichonse chimene chikanawachitira umboni kuti sanalakwitse kusamuka: makina osokera, mipando yabwino, khola la mbalame, akavalo onse atamangidwa zingwe zawo. Ena ankanyamula chithunzi cha mwana kapena kholo limene linamwalira, kuti nalonso likhalepo pa banja.

Banja la a David Hilton, mu 1887, linachita zoposa pamenepo. Mayi a m'nyumbamo sanafune m'pang'ono pomwe kuti abale awo aone kuti akukhala m'nyumba yadothi. Koma anali ndi limba lopopa ndi mapazi, la mtengo wosemedwa bwino, ndipo limenelo ankafuna lioneke. Ndiye analinyamula, kulichotsa m'nyumba, kukaliika pabwalo poti nyumba isalowe m'chithunzi, banja lonse n'kukhala molizungulira. Zotsatira zake n'zakuti limba lili pakati pa bwalo la ziweto, kumbuyo kuli ng'ombe, nkhumba ndi ngolo. Umphawi umene ankaubisa sunabisike, koma chinaoneka n'chinthu china chimene sanalinge kuonetsa, ndicho mtima wa mayi amene anakana kuti dothi limuuze kuti iye ndi ndani. Amene tinajambulitsako titatsamira galimoto ya eni ake pa tauni, kapena titanyamula wailesi yobwereka, sitingawaseke mayi Hilton.

Zina mwa zithunzizi zimaphwanya zimene mafilimu a anyamata oweta ng'ombe anatizoloweza. Pali atsikana anayi apachibale a kwa Chrisman, mu 1886, ataima ndi akavalo awo kutsogolo kwa kanyumba kadothi. Lamulo lija linkalola mkazi wosakwatiwa kutenga malo m'dzina lake, ndipo a m'banja limeneli anaugwiritsa ntchito mwayiwo. Pali banja la a Jerry Shores, anthu akuda, pafupi ndi Westerville mu 1887. A Shores anabadwira muukapolo, ndipo m'dera lomwelo munali m'bale wawo, a Moses Speese, amene Butcher anawajambulanso ndi banja lawo. Abale a mimba imodzi anali ndi mayina a makolo osiyana chifukwa aliyense ananyamula dzina la mbuye amene ankamusunga. Palinso nyumba ya a Isadore Haumont, ochokera ku Belgium, amene anamanga nyumba yadothi yosanja, ya makona ozungulira kuti ng'ombe zisamaigumule pozikhula.

Mwaona kuti ndikutchula mayina. Ndikutha kutero chifukwa Butcher ankawalemba. Apa m'pamene pagona kusiyana kwake ndi ojambula ena ambiri a nthawi yake, amene ena mwa iwo ankamuposa luso. Akamaliza kujambula ankakhala pansi ndi mwini khomo n'kumufunsa kumene anachokera, chaka chimene anafika, zimene anaona, ndipo ankalemba. Chithunzi chopanda dzina, chopanda malo ndi chaka, chimasanduka chokongoletsa khoma. Chikakhala ndi zitatuzi mdzukulu amatha kuloza agogo ake, wolemba mbiri n'kutha kuchiyerekeza ndi kaundula wa malo. Ankadziwanso kuti akuthamangitsana ndi nthawi. Njanji inafika ku Broken Bow, likulu la boma la Custer, m'chaka chomwe iye anayamba ntchitoyi, ndipo matabwa atayamba kupezeka aliyense wopeza bwino ankamanga nyumba yatsopano, yakale ija n'kuisandutsa khola kapena kuisiya kuti mvula iibwezere kunthaka. Palibe ankaona chifukwa chosungira chikumbutso cha nyumba imene ankachita nayo manyazi.

Kenaka zinthu zinaipa. Chilala cha m'zaka za m'ma 1890 pamodzi ndi kugwa kwa mitengo ya mbewu zinathamangitsa mabanja ambiri, ena mwa iwo omwe aja anatulutsa mavwende ndi makina osokera. Munthu wosowa chakudya sajambulitsa. Butcher anaimika ntchitoyo mu 1892, n'kulowerera ndale za chipani cha alimi cha Populist, mpaka anasankhidwa pa timaudindo tating'ono ku West Union. Atayambiranso, bukulo lili pafupi kutha, pa 12 Malichi 1899 nyumba yake inapsa. Zonse zimene analemba kwa zaka zonsezo, ndi zithunzi zonse zotsukidwa kale, zinasanduka phulusa. Magalasi okha ndi amene anapulumuka, chifukwa anali atawasunga m'nkhokwe, kunja kwa nyumba.

Anayambanso kufunsa anthu ndi kulemba. Mlimi wina wa ng'ombe wodziwika m'deralo, Ephraim Swain Finch, analonjeza kulipira osindikiza, ndipo anthu atamva kuti Finch waikapo dzina lake anayamba kulembetsa. Buku la Pioneer History of Custer County linatuluka mu 1901, la masamba oposa 400 ndi zithunzi pafupifupi 200, ndipo makope 1,000 oyamba anatha msanga. Ndi nthawi yokhayo m'moyo wake imene chinthu chinamuyendera monga anachilotera.

Tsono pali mlandu umene sindingaubise, ngakhale munthuyu ndimamukonda. Butcher ankawonjezera zinthu pa magalasi ake. Galasi la chithunzi cha nyumba ya a Theodore Hohman litawonongeka pamalo ena padenga, m'malo mobwerera mtunda wonsewo kukajambulanso, iye anatenga cholembera n'kujambulapo nkhukundembo yophimba chilemacho. Mwini nyumba atalandira chithunzi anadabwa, poti nkhukundembo yoyera analibe, koma mkazi wake anati ikuoneka ngati nkhukundembo basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Pofuna kuonetsa mmene Finch analimbanirana ndi dzombe m'munda mwake mu 1876, zaka zambiri kamera isanafike, anamuimika m'munda, n'kudzaza galasi ndi timadontho tambirimbiri toimira dzombelo. Chithunzi chake chotchuka cha alimi ovala zobisa nkhope akudula waya wa mpanda wa Brighton Ranch ndi sewero lochitidwa pambuyo pake, ndipo zodulira wayazo n'zosema pamtengo.

Kodi munthu wotere tingamukhulupirire? Ine ndimati inde, ndipo chifukwa chake n'chakuti mabodza ake ndi osaphika bwino. Nkhukundembo ija ngakhale mwana angaione kuti ndi yolemba pamanja. Sankadziwa kunama mwaluso, ndipo zimene ankawonjezera ndi mbalame, utsi ndi dzombe. Sanakhuthalitse khoma la munthu, sanavalitse nsapato ana oyenda chosavala, sanachotse udzu womera padenga. Wojambula waluso kwambiri akanakonza zonsezi mwakachetechete kuti chithunzi chikongole, ndipo tikanataya zambiri osadziwa.

Mlandu waukulu kwa ine ndi wa anthu amene mulibe m'zithunzi za m'makomozi. Dziko limene boma linkagawa ngati lopanda mwini linali ndi eni ake. M'zigwa za mitsinje ya Loup munkakhala ndi kusaka a Pawnee, amene anasamutsidwira ku dera limene pano ndi Oklahoma chapakati pa zaka za m'ma 1870, zaka zochepa chabe banja la Butcher lisanafike. Dzina lenileni la boma la Custer, lokhazikitsidwa mu 1877, ndi la George Armstrong Custer, mkulu wa asilikali amene anafa chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1876, pomenyana ndi a Lakota ndi a Cheyenne ku Little Bighorn. Butcher analemba mbiri ya amene anabwera, monga mmene iwo ankadzionera, ndipo mawu akuti Pioneer, kutanthauza oyamba, pa chikuto cha buku lake ndi oona pokhapokha utaiwala amene anachotsedwa. Ife a kuno, amene timadziwa mmene malo a ku Thyolo ndi ku Mulanje anasinthira manja, sitingawerenge buku lotere osafunsa funso limenelo.

Mu 1902 anasamukira ku Kearney n'kutsegula situdiyo ndi mwana wake Lynn. Ankasindikiza mapositikhadi ambirimbiri, anatulutsa kabuku kena ka nyumba zadothi mu 1904, ndipo anajambula maboma oyandikana nawo pofuna kuwalembera mbiri, koma mabukuwo sanatuluke. Mtima wake unali utathawiranso kwina: tsopano ankagulitsa malo a ku Texas. Magalasi aja, olemera ndi osachedwa kusweka, anasanduka katundu womulepheretsa kusamuka. Anapita kwa Addison Sheldon, mmodzi mwa anthu ochepa amene ankaona phindu lake, n'kumuuza mosabisa kuti ino ndiyo nthawi yomugula motchipa poti ndalama akuzifuna kwambiri. Anagwirizana madola 1,000. Nyumba ya malamulo ya Nebraska, pakati pa mikangano ya akuluakulu, inangovomereza madola 600, ndipo Butcher analandira. Umenewo ndiwo unali mtengo wa magalasi oposa 3,000, ntchito ya zaka zoposa makumi awiri.

Zotsalazo n'zachisoni ndipo sizifuna mawu ambiri. Lillie anamwalira mu 1915. Chaka chotsatira Butcher analembedwa ganyu ndi Sheldon yolemba mayina ndi nkhani za zithunzi zake zomwe, ganyu imene phindu lake silingayerekezedwe ndi malipiro ake. Anakwatiranso, anapanga kachipangizo kamene ankati kamanunkhiza mafuta pansi pa nthaka, kenaka mankhwala ochiza chilichonse otchedwa Butcher's Wonder of the Age, amene mbali yake yaikulu inali mowa. Anamwalira ku Greeley, ku Colorado.

Magalasiwo anakhala m'mabokosi ku Lincoln, akutulutsidwa apo ndi apo, mpaka kufunika kwake kunakula kuposa mmene aliyense ankaganizira. Mu 1985 John Carter, wosunga zithunzi ku bungwe la Nebraska State Historical Society, anatulutsa buku la moyo ndi ntchito ya Butcher. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 bungwelo, mothandizana ndi Library of Congress, linalowetsa magalasiwo mu kompyuta, ndipo apo panatuluka chinthu chimene Butcher mwini wake sanachionepo. Pa zithunzi zotsukidwa papepala, khomo la nyumba linkangooneka bii. Koma galasi linali litasunga zambiri kuposa zimene pepala linkatha kuonetsa, ndipo atawalitsa malo amdimawo pa kompyuta munayamba kuoneka mabedi, mipando, ziwiya, nthawi zina ndi munthu amene anatsala m'kati osafuna kujambulidwa. Izi zinatheka chifukwa chimene chinasungidwa ndi galasi lenilenilo, osati chithunzi chongotsukidwa.

Mfundo imeneyi ndi imene imandisowetsa mtendere ndikaganiza za kwathu. Tinali naye Mungo Murray Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre, katswiri wosindikiza mabuku amene anaphunzira ku Scotland, amene anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Zimene zinatsala za ntchito yake n'zochepa poyerekeza ndi zimene anajambula. Ndipo pambuyo pake panabwera gulu lalikulu la ojambula a m'matauni ang'onoang'ono ndi m'misika, aja ankayenda pa njinga kamera ili pakhosi, kufika pa ukwati, pa ubatizo, pa tsiku lotsekera sukulu, n'kulandira theka la ndalama, kutumiza filimu ku tauni kukatsukitsa, n'kubwera patatha masabata ndi envelopu ya zithunzi. Anthu amenewa anajambula nyumba zathu zamdindo zisanagwe, masitolo a pa msika asanagumulidwe, mayunifolomu a sukulu, nsalu za misonkhano, nkhope za mafumu amene lero timangowatchula mayina. Foni za m'manja zitawalanda ntchito, manegativu awo anatsala m'makatoni, kudenga kapena pansi pa bedi, kumene chinyezi ndi chiswe sizichedwa.

Ambiri mwa ojambulawa akadali moyo, ndipo akadakumbukira kuti uyu ndi mwana wa ayani, apa panali pa sitolo ya yani, chinali chaka chiti. Ngati kwanu kuli wotere, pitani mukamuone, mutenge kope ndi pensulo, mukhale naye pakhonde mpaka katoniyo ithe. Zikalembedwa, National Archives ku Zomba ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi malo oyambira kufunsa za kasungidwe kake. Musadikire maliro ake, chifukwa tsiku logawana katundu katoni ya manegativu ndi imene imayamba kuponyedwa kudzala.